Mahedifoni Obisa M'duku

Mwana wanga wamkazi amamva zinthu mopitirira muyeso. Galimoto ikaliza hutala pamsewu, ife timangotukwana woyendetsayo n'kupitiriza zathu, koma iye amagwa pansi, manja ali kumakutu, n'kuyamba kudziluma pamkono mpaka magazi. Anayamba zimenezi asanadziwe n'kuyankhula komwe, ndipo kuyankhulako kunabwera mochedwa, mawu owerengeka, ambiri ongobwereza zomwe wamva kwa ena. Dotolo wina kuchipatala anandiuza kuti vutoli amalitcha autizimu, kuti si ufiti, si tchimo langa, komanso lilibe jakisoni. Ndinathokoza, ndinabereka mwana wanga n'kubwerera kunyumba.

Ndiye mwana wotereyu n'kumulerera mu Tete! Mzinda uno sudziwa kunong'ona. Kukamacha malole amakhala atayamba kale kulira, aliyense akuliza hutala ngati mnzake wapatsogolo wagona dala. Matchopela, tinjinga tamoto ta miyendo itatu tija, amangoti pwepwepwe m'makwalala monse. Pabaraka iliyonse pali sipika, ndipo mwini wake amakhulupirira kuti mowa sutsika pakhosi nyimbo ikakhala yapansi. Onjezanipo kutentha kwa kuno, komwe sikulola munthu kutseka zenera. Ine ndimakhala ku Canongola, ndimagulitsa kachewere, mbatatesi ija, pamsika. Kachewereyo amalima achimwene anga kwathu ku Angonia, n'kumanditumizira palole. Bambo a mwanayu anapita ku Beira kukafuna ntchito iye ali wakhanda, ndipo zikuoneka kuti ntchitoyo akuifunabe.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kumukhazika mtima pansi mwanayu, amayi anga. Anabwera kuno atadwala chifuwa kuti azipita kuchipatala, ndipo anakhala nafe miyezi yawo yomaliza. Masana dzuwa likamaswa mtengo ankakhala pamphasa pafupi ndi ventuinya, chokupizira mphepo chamagetsi chija, mwana ataika mutu pamiyendo pawo, n'kumamuimbira nyimbo imodzi ya kutchalitchi, yapang'onopang'ono, ndi mawu awo otha aja. Mwana ankangoti zii. Tsiku lina ndinawajambula mawu pafoni, osati chifukwa cha nzeru ayi, foniyo inali yatsopano ndiye ndinkangodina chilichonse. Pakati pa nyimbo amayi anatsokomola, n'kunena kuti, "Pepa mwanangu," kenaka n'kupitiriza pomwe analekera. Ndinkafuna kufufuta kuti ndidzajambule ina yabwino yopanda chifuwa, koma ndinazengereza mpaka amayi analeka kuimba.

Atamwalira tinanyamula thupi kupita nalo kwathu. Mwana ndinamusiya kwa mayi wina wa Chinyungwe woyandikana naye nyumba, chifukwa ndinkadziwa zomwe kulira kwa pamaliro kukanamuchita. Abale anandinena kwambiri, akuti ndabisa mdzukulu pa maliro a agogo ake, ndayamba kunyada ndi tauni. Nditabwerako ndinapeza kuti nyimbo ya pafoni ija imagwirabe ntchito. M'nyumba, zitseko zili zotseka, ndikamuikira foni pafupi ndi khutu ankasiya kudziluma. Koma panja kafoni kanga sikakanatha kupikisana ndi Tete.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana chimwalirire amayi, achimwene anabwera okha ndi lole ya kachewere. Tikutsitsa matumba pamsika, woyendetsa galimoto wina kumbuyo kwathu analiza hutala osalekeza, ndipo mwana, amene anali atakhala bwinobwino pansi pa benchi akusanja timiyala take, anagwa chagada n'kuyamba kukuwa. Anthu anaunjikana monga mwa masiku onse, aliyense ndi mankhwala ake pakamwa: wina akuti m'thireni madzi, wina akuti kuli m'busa wamphamvu kutsidya kwa mtsinje, wina akuti mwana wongolekereredwa ameneyo akufuna mkwapulo. Ine ndinazolowera, ndimawayankha ndi msana. Koma achimwene kanali koyamba kuona. Anangoima, thumba lili paphewa, akuyang'ana magazi pamkono pa mwana. Madzulo titadya anandiitanira panja.

"Mlongo wanga, izi ndi zomwe wakhala ukundibisira?"

"Sindinabise, achimwene. Ndinakuuzani kuti mwanayu phokoso limamupweteka."

"Kupweteka kwake n'kumeneku? Uyu si wa dotolo ayi. Pa chiliza cha amayi ubwere naye, akulu amuone. Akakhala momwe ndamuoneramu atsala kumudzi, timufunire anthu odziwa."

"Ndi mwana wanga."

"Ndi mbumba yanga," anatero, osakweza mawu.

Kwathu mawu amenewo si ocheza. Malume ndiye mwini mbumba, ana a mlongo wake ali m'manja mwake. Ndiponso achimwene anga si munthu woipa: ndi iwo amene anandilera bambo atamwalira, ndipo ndi thukuta lawo limene limatidyetsa mpaka lero. Koma ine ndimakumbukira mtsikana wina wa m'mudzi mwathu ndili wamng'ono, wofanana ndi wangayu. Anthu akamapita kumunda ankamumanga chingwe kumwendo pamtengo wa pichesi, mbale ya chakudya ili pambali. Anthu odziwa aja anamutemera mphini thupi lonse. Sindidziwa kuti anathera kuti. Ndinachita mantha, ndipo ndinakwiya.

Njira inali imodzi yokha. Mwana akafike kumudzi ali phee, agwade, ayankhe moni ngati ana a anthu ena, akulu anene kuti palibe mlandu. Koma pakati pa Canongola ndi kwathu pali ulendo wautali pa chapa, minibasi zathu zija, ndipo ine sindinaonepo chapa yoyenda wailesi ili yotseka. Ndinayesapo kale kupempha motorista wina, woyendetsa chapa, kuti atsitse pang'ono chifukwa cha mwana. Anandiyang'ana pagalasi n'kundiuza kuti ndigule galimoto yanga.

Ndinayamba ndi kumuika thonje m'makutu. Analitulutsa n'kuyamba kulitafuna. Mayi wa Chinyungwe uja anandibwereka mahedifoni akuluakulu a mwana wake, ovindikira khutu lonse. M'kanthawi kochepa thukuta linali likuyenderera m'khosi, ndipo mwana anawavula n'kuwaponya kukhoma. Komanso amenewo akanaonedwa ndi aliyense, ndipo mwana wofika pamaso pa akulu atavala zinthu za woyendetsa ndege akanangowonjezera nkhani. Ndinagula ena kwa ogulitsa oyendayenda pamsika, a pulasitiki youma, ongokhala pakhomo pa khutu. Amenewo nyimbo imalowa, phokoso nalo limalowa pambali pake. Ndinawayesa ndekha lole ikudutsa, mawu a amayi anangomira. Ndinawaponya m'dengu la kachewere wowola, ndipo tsiku limenelo aliyense wodandaula za mtengo pabenchi panga anamva zowawa.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masana aliwonse msika ukazizira ndinkasiyira mnzanga benchi n'kumayenda m'maloja a mafoni. Atsikana ogulitsamo ankandiyang'ana zikhadabo zanga zadothi n'kundilozera zotchipa zomwe ndinataya kale. Ndikafunsa kuti, "Amenewa amatseka phokoso?" ankandiyankha kuti amagunda bwino. Nanga ndafunsa za kugunda ine? Mpaka ndinafika kudera la Josina Machel, pakaloja ka bambo wina wa ku Malawi, wa mbali za ku Mwanza, wonenepa, woyankhula osapumira.

"Mukufunira ndani, mayi? Bambo akunyumba?"

"Mwana. Ndikufuna otseka phokoso, osati okometsa nyimbo."

"Aa, ndiye tengani awa opanda chingwe. Ndi amene achinyamata akulimbirana masiku ano."

Ndinatiyang'ana timeneto, tiwiri toyera ngati nyemba. M'maganizo ndinaona kale kamodzi katagwera pansi pa mpando wa chapa pakati pa matumba, kenako kali m'mimba mwa mwana.

"Nanga karga ikathera pa Moatize ndidzatani?" ndinafunsa.

"Mumatchaja musananyamuke, mayi."

"Magetsi a ku Canongola mumawadziwa inu?"

Anaseka n'kunditulutsira ena odula kwambiri, akuti ali ndi makina m'kati odya phokoso. Nditawavala ndinamva makutu kuthina momwe amachitira tikamakwera mapiri a kwathu, komanso kamluzu kakang'ono kosatha, siii. Ine wamkulu kanandinyansa, nanga iye amene amadzuka ndi kulira kwa udzudzu wa chipinda china?

Apa ndinatopa, ndinamuuza zoona zonse, za mkono, za achimwene, za chiliza. Sindikonda kuyala nkhani zanga pamaso pa anthu osawadziwa, koma pakamwa panangotseguka pokha. Bamboyo anasiya nthabwala. Anatsegula kabokosi ka mahedifoni wamba a chingwe chakuda, olowa m'kati mwenimweni mwa khutu, n'kukhuthulira patebulo timphira tovala kunsonga kwake, tating'ono, tapakati ndi tokulirapo.

"Mayi, chotseka phokoso si sipika ayi, ndi kamphiraka. Kakachepa, phokoso lipeza polowera. Kakakula, kapweteka, komanso kamatuluka kokha. Ndiye makutu a munthu mmodzi salingana saizi, lina litha kufuna kakang'ono, linalo kapakati. Palinso iti ta siponji. Mumakafinya ndi zala, mukoke khutu m'mwamba chonchi, mulowetse, n'kudikira kuti kafufume kokha m'katimo. Taimani pakhomopo muyang'ane kumsewu."

Ndinafinya, ndinalowetsa, ndinadikira. Phokoso linayamba kuchoka pang'onopang'ono, mpaka Tete yense anakhala ngati wasamukira kutsidya kwa Zambezi. Lole inadutsa, ndinaiona ndi maso, ndinaimva m'mapazi, koma m'makutu inangong'ung'udza chapatali. Nditameza malovu ndinamva mmero wanga ukugwira ntchito. Nditati, "Ee," mawu anga omwe anandilirira m'mutu ngati ndayankhulira mumgolo.

Bamboyo anandikodola kuti nditulutse kamodzi. "Mumadzimva nokha m'katimo? Ndiye kuti atseka bwino. Chizindikiro chake n'chimenecho."

Ndinaimabe pakhomopo misozi ili m'maso, anthu akundilambalala. Zaka zonsezi mwana wanga sanalawepo bata lotere, chonsecho linali m'kabokosi kokwana m'dzanja, mu mzinda womwewu. Ndinamva chisoni, ndinamvanso mkwiyo wosadziwa woupatsa. Bamboyo anandichenjeza kuti nyimbo izikhala yapansi, timasiponji ndizitisintha tikada, ndipo mwana asayende nawo yekha pamsewu chifukwa galimoto sadzaimva. Ndinavomera zonse, koma maso anga anali pa china. Chingwe chinali chowonda, mitu yake yaing'ono yosatulukira kunja kwa khutu. Duku likanabisa zonsezo.

Kugula kunali kophweka. Mwana wanga salola munthu kukhudza makutu ake, ngakhale posamba timachita kulimbana. Masiku oyamba ndinkangowavala ine, iye akundiyang'ana cham'mbali. Kenaka ndinawasiya pamphasa ngati ndaiwala. Anawanunkhiza, anawanyambita. Timphira anatikana, koma ta siponji anatikonda, ankafinya kamodzi n'kumayang'ana kakufufuma, mobwerezabwereza osatopa. Mtima wanga unali m'mwamba chifukwa tsiku la chiliza linali likuyandikira, koma ndinadziwa kuti ndikangomukakamiza ndiye kuti zatha. Tsiku lina ndikusankha kachewere pakhonde ndinangoona walowetsa yekha kamodzi, mokhota. Ndinasendera mwakachetechete n'kudina nyimbo. Anatembenuka kuyang'ana pamphasa pomwe amayi ankakhala, n'kunena kuti, "Agogo." Khutu linalo analoza yekha kuti ndimuike.

Tinayamba maulendo oyeserera. Tinakwera tchopela mpaka ku Nhartanda n'kubwerera. Tinakwera chapa kuwoloka mlatho mpaka ku Matundo n'kubwereranso, kobradolo, wotolera ndalama uja, akudabwa ndi mayi wokwera osatsika. Mwana ankakhala phee, duku lili kumutu, chingwe chitadutsa kumbuyo kwa khosi kulowa m'diresi, foni ili m'kathumba komwe ndinamusokera m'chiuno. Madzulo tinkaphunzira moni. Ine ndinkakhala pampando ngati achimwene, kuchita tsinya, n'kunena kuti, "Uli bwanji, mwanawe?" Iye ankagwada, kuwomba m'manja, n'kuyankha kuti, "Ndili bwino, kaya inu amalume." Akachedwa ndinkamukhudza pachigongono, mawu n'kutuluka. Mayi wa Chinyungwe uja ankationera pampanda akupukusa mutu, akuti akulu sapusitsidwa ndi nsalu. Ndinamuyankha kuti sindikupusitsa munthu, tikayandikira mudzi ndidzamuvula, chifukwa kwathu n'kwa zii, kumangomveka nkhuku ndi mphepo.

Ulendo wopita unayenda bwino moti ndinachita manyazi ndi mantha anga aja. Sipika inali pansi pa mpando wathu weniweniwo ikugunda m'mafupa, kobradolo ankamenya chitseko paliponse poima, koma mwana ankangoyang'ana milambe ikutha, mapiri akuyamba, mpaka anagona paphewa panga. Ndinayamba kudzitama mumtima.

Ndinaiwala kuti chiliza cha masiku ano si cha kale. Tisanafike n'komwe pabwalo ndinamva jenereta. Achimwene, pofuna kulemekeza amayi, anali atabwereka masipika aatali kufika m'chifuwa mwa munthu. A kwaya ankayesa maikolofoni, ana ankakuwa, azimayi ankalulutira mlendo aliyense wofika. Ndinaima pamphambano dzanja lili pa duku la mwana. Ndimuvule, akuwe pamaso pa mudzi wonse? Ndimusiye, asamve moni? Ndinafuna zonse ziwiri, bata ndi ulemu, kuiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinamusiya momwemo, ndikudalira chigongono chija.

Anatiyalira mphasa patsogolo pa akulu. Moni kwathu sathamangira, amayenda munthu mmodzimmodzi, ndipo aliyense amadikira yankho lake. Ine ndinayankha onse. Mwana anagwada bwinobwino pambali panga, maso ali pansi, waulemu kuposa ana onse pabwalopo, moti ndinaona azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo, akugwedeza mutu mokhutira. Kenaka achimwene anawerama.

"Uli bwanji, mwanawe?"

Zii.

"Mwanawe, ndati uli bwanji?"

Ndinamukhudza pachigongono. Kunyumba tinkaphunzira makutu ali otsekula, ndipo sindinaganize kuti munthu amene nyimbo ikumulira m'makutu sadziwa kukula kwa mawu ake. Mwana anawomba m'manja n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse: "Ndili bwino, kaya inu amalume!"

Ena anaseka. Azakhali sanaseke. Anasendera, ati amukonze duku lomwe linali litapendekeka pogwada, ndipo chala chawo chinakola chingwe. Anakoka. Kasiponji kanatuluka n'kumalendewera, phokoso lonse la pabwalo n'kumugwera mwana m'khutu limodzi. Ndinamukumbatira msanga, chikhatho changa chili kukhutu kwake, mano ake ali kale pamkono panga.

"Taonani zakutauni!" anatero azakhali. "Mwana akupatsidwa moni ndi akulu atatseka makutu? Akumvera chiyani choposa malume ake?"

Achimwene anagwada pafupi nafe, chifukwa chingwe chinali chachifupi, n'kuika kasiponji kaja kukhutu kwawo. Ndinaona tsinya likumasuka, milomo ikuyamba kutsatira nyimbo. Pomwe amayi amatsokomola paja achimwene anadzidzimuka ngati aitanidwa. Anavula chipewa.

"Ndi amayi," ananena motsitsa. Koma azakhali anamva, ndipo posakhalitsa mphasa zonse zinali zikunong'onezana kuti malemu ali m'makutu mwa mwana.

Alamu anga anatitengera kunyumba ya kumapeto kwa mudzi, kutali ndi masipika. Ndinamubwezera mwana kasiponji, analira mpaka anagona tulo ta kutopa. Dzuwa litapendeka achimwene anandiitanira kuseri kwa khola. Maso awo anali ofiira.

"Chaka chonse uli nawo mawu a amayi, ine osandiuza?"

"Ndinkaopa zomwezi, achimwene."

"Ife tikuwamangira chiliza kuti agone, iwe ukuwadzutsa tsiku ndi tsiku kuti aziimba. Munthu wodwala chifuwa! Akulu akuti n'chifukwa chake mwana sakupeza bwino. Agogo ake sanamusiye."

Apa mkwiyo wanga unasefukira. "Achimwene, musandione ngati mwana! Uyu anabadwa chonchi amayi ali moyo, akulima m'dimba mwawo. Inu mukudziwa, azakhali akudziwa. M'banja lonse lino amayi okha ndi amene sanamuope, ndiye lero mukuti ndi amene akumudwalitsa?"

Anakanda mtengo wa khola ndi chikhadabo.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma anthu awa sabalalika asanaone kanthu katachitika. Ndawauza kuti gwero lake lapezeka. Mawa ufufute mawuwo pamaso pawo, mwana ubwerere naye. Ukakana, ine ndilibe pogwira, mwana atsala."

Mpaka lero sindidziwa ngati achimwene ankakhulupirira za akuluzo kapena ankanditsegulira khomo lothawira, ndipo sindinawafunse. Ndinawapempha kuti ndiwatumizire kaye pafoni yawo, mawu asathe padziko. Anapukusa mutu, akuti iwo sangagone nawo m'nyumba. Koma anapempha kuti amve komaliza. Ndinakatenga mahedifoni kwa mwana ali mtulo, ndinawaphunzitsa kufinya kasiponji ndi zala zawo zolimba ndi khasu, kukoka khutu, kudikira. Anamvera nyimbo yonse atatsamira khola, misozi ikulowa m'ndevu. Atamaliza anaika foni yanga m'thumba la jekete lawo, ndipo inagona kwa iwo.

Mawa lake chiliza chitavundukulidwa, ndinagwada pamaso pa akulu, achimwene n'kundipatsa foni. Azakhali anaima kumbuyo kwanga akusuzumira. Foni inandifunsa m'Chipwitikizi ngati ndatsimikiza. Ndinadina. Azimayi ena analulutira. Ine ndinamva ngati ndikuika maliro a amayi kachiwiri, ulendo uno ndekha, ndipo ndinadana ndi aliyense amene anali pabwalo paja. Akulu anati mlandu watha, mwana apite ndi mayi ake, aziona mmene azikhalira.

Pobwerera sipika ya chapa inkagunda chimodzimodzi. Ndinamuika mwana timasiponji, ndinamumanga duku, chingwe ndinalumikiza kufoni monga mwa nthawi zonse. Anadikira. Anagogoda foni ndi chala. "Agogo." Ndinamuikira nyimbo ina ya kwaya, anapukusa mutu n'kugogodanso. "Agogo." Ndinayesa kuimba ine pafupi ndi khutu lake, koma zinthu zomwe ndinasankha mosamala ku Josina Machel zija zinagwira ntchito yake, sanandimve. Ndinalibe mawu omufotokozera kuti agogo ake ndawapereka kuti iye ndibwerere naye.

Tikutsika mapiri kutentha kunayamba kulowa pamawindo, ndipo iye anayamba kugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo. Pofika pa Moatize, fumbi la makala lili m'mano, mkono unali utafika pakamwa, ndinaugwira ndi mphamvu zanga zonse. Bambo wina pambali pathu anandifunsa m'Chinyungwe ngati mwanayo ali ndi mizimu. Zomwe ndinamuyankha sindingazilembe pano.

Pamlatho panali mzere wautali. Magalimoto anaima, mahutala anayamba kulira kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinatseka maso kudikira kukuwa. M'malo mwake ndinamva kunjenjemera pachifuwa panga pomwe mwana anatsamiritsa mutu. Ankang'ung'udza. Anasiya pang'ono, ngati wadabwa kudzimva yekha m'katimo, kenaka anayambanso mokwezako, ndipo mkono unafewa m'dzanja langa. Inali nyimbo ya amayi, ndi kakokedwe kawo komwe, akupumira pomwe iwo ankapumira. Atafika pakati anatsokomola, n'kunena kuti, "Pepa mwanangu," kenaka n'kupitiriza pomwe analekera.

Foni ndinapita nayo kwa bambo wa ku Mwanza uja, anaitembenuza uku ndi uku, anati zofufutidwazo sizingabwerere. Ndinangogulako timasiponji tina. Masiku ano mwana amavala mahedifoni aja osalumikiza kulikonse, nsonga ya chingwe imangokhala m'kathumba. Si masiku onse amene zimatheka, zipsera zatsopano zilipo pamkono. Koma amaimba pansi pa benchi pamsika, amaimba m'chapa, chifuwa chija ndi pepa uja zili pamalo pake. Achimwene akaimba foni kufunsa za kachewere amafunsanso za mwana. Ndimawauza kuti ali bwino, ndipo ndimatuluka panja n'kutseka chitseko kuti asamumve. Sindinawauze, chifukwa sindikudziwa kuti ulendo uno angandiuze kuti ndifufute chiyani.